Ka MP3 kokana nyimbo za pa WhatsApp ndi memori khadi: vuto lili pati, nanga kogula ndi kati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Benga m'boma la Nkhotakota, yemwe amaphunzitsa kwaya ya amayi pa mpingo wawo. Iwo akuti: "Ndinagula kachipangizo kakang'ono koimbira nyimbo, kaja timangoti ka MP3, kuti ndizimvera nyimbo za kwaya popanda kumaliza moto wa foni. Pa katoni analemba kuti nka 64GB ndiponso kali ndi Bluetooth. Koma nyimbo zomwe anzanga amanditumizira pa WhatsApp sikaziimba, memori khadi yatsopano ya 64GB sikaiwerenga, ndipo mahedifoni opanda chingwe a mwana wanga sakulumikizana nako. Mlongo wanga wa ku Johannesburg akuti anditumizira iPod yake yakale. Kodi ndinataya ndalama? Nanga ndigule kotani kuti ndisadzadandaulenso?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti ndalama zanu mwina sizinalowe m'madzi zonse ayi. Mavuto atatu omwe mwatchulawa ali ndi magwero osiyana, ndipo awiri mwa iwo mungawathetse popanda kugula kachipangizo kena. Pa ntchito yanga yokonza mawailesi ndi mafoni kuno ku Salima, tizipangizo tambiri tomwe anthu amabwera nato akuti tafa timakhala tamoyo ndithu, kungoti tapatsidwa nyimbo, khadi kapena tchaja yomwe sitinapangidwire. Nchifukwa chake ine ndimayeza ubwino wa ka MP3 poona ngati kakugwirizana ndi zinthu zomwe mwini wake ali nazo kale pakhomo, komanso ngati batire ndi khadi yake zingasinthidwe zikatha ntchito. Manambala akuluakulu a pa katoni ndimawaganizira pomaliza penipeni.

Tiyambe ndi nyimbo za pa WhatsApp, poti mpomwe pagona vuto lalikulu la kwaya yanu. Mawu akasungidwa mu foni kapena mu kompyuta amakhala mu fayilo, ndipo mafayilo a mawu alipo a mitundu ingapo, uliwonse ndi kasungidwe kake. Mtundu wa MP3 unakonzedwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1993, ndipo ziphaso zake za umwini zinatha mphamvu mu 2017, kotero kampani iliyonse ikhoza kuugwiritsa ntchito osalipira kanthu. Ndiwo mtundu wokhawo umene mungakhale nawo chikhulupiriro kuti uimba paliponse. Mtundu wina wofala ndi AAC, womwe dzina la fayilo yake limathera ndi .m4a, ndipo mafoni ambiri amakono amasunga mawu mu mtundu umenewu mukajambula ndi pulogalamu yojambulira ya mu foni momwemo. Koma uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, uja mumajambula podina kachizindikiro ka maikolofoni, umasungidwa mu mtundu wotchedwa Opus. Mukalowa m'mafoda a foni ya Android mudzaona kuti mayina a mafayilo amenewa amayamba ndi PTT ndipo amathera ndi .opus. Tizipangizo totsika mtengo timadziwa MP3 ndi WAV, tina timaonjezerapo WMA kapena FLAC, tochepa timafikira pa AAC, koma Opus pafupifupi tonse sitiudziwa. Tikaupeza timangoudumpha ngati palibe kanthu, kapena kulemba kuti fayiloyo njolakwika.

Ena amayesa kufufuta mawu oti .opus n'kulembapo .mp3, koma kutero kuli ngati kulemba kuti mpunga pa thumba la chimanga, poti zamkatimo sizisintha. Chofunika ndi kusanduliza fayiloyo kuti ikhale ya MP3 yeniyeni. Pa kompyuta ntchito imeneyi imatheka ndi pulogalamu yaulere ya VLC, yomwe anyamata ambiri oika nyimbo m'makhadi pa Benga, pa Dwangwa kapena pa Kamuzu Road ku Salima ali nayo kale ngakhale ena amangoigwiritsa ntchito poonetsa mafilimu. Pa foni aliponso mapulogalamu osandulizira mawu omwe mungawapeze pa Play Store. Uzani wosandulizayo kuti asankhe MP3 ya 128 kbps ndi 44.1 kHz, chifukwa muyezo umenewu umamveka bwino mokwanira pa nyimbo za kwaya ndipo suvutitsa kachipangizo kalikonse. Ndikadakonda kuti kwaya yanu isankhe munthu mmodzi, kaya ndi wachinyamata wa pa mpingo, amene azisanduliza nyimbo zonse kamodzi n'kuzitumiza ku gulu zili kale MP3, popeza nyimbo ya MP3 ikatumizidwa ngati fayilo imafika kwa wolandira ili MP3 yomweyo. Mukatero mwathandiza amayi onse omwe ali ndi tizipangizo totere kapena mafoni a mabatani, osati inu nokha.

Palinso nyimbo zina zomwe sizingasamutsidwe nkomwe. Zomwe mwasunga mkati mwa mapulogalamu monga Spotify kuti muzimvera popanda intaneti zimakhala zotsekeredwa, ndipo zimaimba mkati mwa pulogalamu yokhayo. Umenewu si mlandu wa ka MP3 kanu, ndi momwe makampaniwo amatetezera malonda a oimba.

Tsopano nkhani ya memori khadi, yomwe pa tizipangizo tambiri amailemba kuti TF card, dzina lake lakale lomwe kampani ya SanDisk inaipatsa isanayambe kutchedwa microSD mu 2005. Makhadi amenewa amaoneka ofanana kunja koma ali m'magulu. A 2GB kutsika m'munsi ndi gulu loyamba, ofika mpaka 32GB amatchedwa SDHC, ndipo a 64GB kukwera m'mwamba amatchedwa SDXC. Kusiyana kwenikweni kuli pa dongosolo lomwe khadi imagwiritsa ntchito posanja mafayilo mkati mwake: ya SDHC imachokera ku fakitale ili ndi dongosolo la FAT32, pomwe ya SDXC imabwera ndi la exFAT. Tizipangizo tambiri totchipa timawerenga FAT32 yokha, ndiye khadi yanu ya 64GB mukailowetsa kachipangizoko kamalemba kuti mulibe khadi, ngakhale khadiyo ili bwinobwino. Nthawi zambiri khadi yotere imayamba kuwerengeka mukaifomata kukhala FAT32. Dziwani kuti zenera lofomatira la pa kompyuta ya Windows silikonda kupereka FAT32 pa khadi yoposa 32GB, choncho wokuthandizaniyo angafunike kapulogalamu kapadera, ndiponso kufomata kumafufuta zonse zomwe zili mu khadi, kotero muyambe mwakopera nyimbo zanu kwina.

Komabe funso lomwe ndingakufunseni ndi loti: kodi 64GB mukuifuniranji? Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi iliyonse, kutanthauza kuti nyimbo ya mphindi zinayi ndi 4MB. Khadi ya 8GB imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000, ndipo ya 32GB imanyamula pafupifupi 8,000, zomwe ndi maola opitirira 500 omvera mosalekeza. Palibe kwaya yomwe ingaphunzire nyimbo zochuluka chotero. Kuonjezera apo, kachipangizo kochepa nzeru mukakadzazira mafayilo masauzande kamachedwa kuyaka, ndipo kupeza nyimbo imodzi podina batani limodzi lomwelo kumasanduka chintchito. Kwa inu makhadi awiri enieni a 8GB kapena 16GB, ina ya nyimbo zophunzira, ina ya maulaliki ndi nyimbo zomvera popuma, ndi othandiza kuposa imodzi yaikulu, ndipo imodzi ikawonongeka simutaya zonse.

Ndanena kuti makhadi enieni chifukwa abodza ngochuluka kwambiri m'misika yathu, ndipo nkhani imeneyi imandipweteka mtima poona anthu akutaya zojambula zomwe sangazipezenso. Khadi yabodza imauza foni kapena kompyuta kuti ndi ya 64GB pomwe mkati mwake muli malo a 4GB kapena 8GB basi. Poyamba imagwira ntchito bwino, koma malo enieniwo akadzadza, mayina a nyimbo amapitiriza kuoneka pomwe nyimbozo sizikutsekuka, ndipo nthawi zina zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale. Bodza lomwelo limachitika ndi malo a mkati mwa ka MP3 komweko. Njira yachidule yoganizira nayi: ngati kachipangizo konse, ndi batire, mahedifoni ndi katoni yake, kakugulitsidwa pa mtengo wotsika kuposa khadi yeniyeni ya 64GB m'sitolo yodalirika, ndiye kuti 64GB yolembedwayo mulibe. Kawirikawiri nambalayo imangotanthauza khadi yaikulu kwambiri yomwe opanga akuti kangalandire, ndipo ngakhale pamenepo samanena zoona nthawi zonse. Pofuna kutsimikiza, pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows imadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imanena malo enieni omwe alipo. Popanda pulogalamuyo, dzazani khadi ndi mafilimu mpaka itatsala pang'ono kudzadza, kenaka tsekulani oyamba kulowa ndi omaliza kuti muone ngati onse akuonetsa.

Mukamapita koikitsa nyimbo, musapereke khadi yomwe muli zojambula za kwaya zomwe mulibe kwina. Makompyuta omwe amalandira makhadi ndi mafulashi a anthu ambiri tsiku lonse amakhala ndi mavairasi obisa mafoda, ndipo mukabwerera kunyumba mumapeza kachipangizo kakunena kuti mulibe nyimbo. Nkwabwinonso kufunsa ngati malowo ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, poti inunso ndinu oimba ndipo mukudziwa thukuta lomwe limatuluka kuti nyimbo imodzi ipse.

Za Bluetooth ndi pomwe amalonda ambiri amasocheretsa ogula, ena mosadziwa. Mawu oti Bluetooth pa katoni sanena ngati kachipangizoko kamatumiza mawu kapena kamalandira. Tisipika ndi timawailesi tambiri tolowetsa khadi timangolandira, kutanthauza kuti foni ikhoza kutumiza nyimbo kwa ito, koma ito sitingatumize nyimbo ku mahedifoni. Mahedifoni nawonso ndi olandira, ndipo olandira awiri sangamvane. Lowani pa gawo la Bluetooth la ka MP3 kanu: ngati pali poti kafufuze zipangizo zina zapafupi, ndiye kuti kamatumiza, ndipo ngati kamangodikira kuti foni ikapeze, ndiye kuti kamalandira chabe ndipo palibe wokonza amene angasinthe zimenezo. Kakakhala kotumiza, yambani mwazimitsa Bluetooth pa foni ya mwana wanu, chifukwa mahedifoni otere mukangowatulutsa m'kabokosi kake amathamangira ku foni yomwe anaizolowera ndipo saonekanso kwa kachipangizo kena. Nambala zija za 4.2, 5.0 kapena 5.3 zisakudetseni nkhawa, popeza Bluetooth yatsopano imamvana ndi yakale.

Ine ndimaona kuti pa ntchito yanu chingwe chikuposa Bluetooth. Mahedifoni a chingwe safuna kutchaja, samaliza batire la kachipangizo msanga, ndipo pa tizipangizo tambiri chingwe chomwecho ndicho chimagwira ntchito ya mlongoti wa wailesi ya FM, kotero popanda icho simungamve Nkhotakota Community Radio, Zodiak kapena MBC. Chenjezo ndi limodzi: yang'anani pulagi ya mahedifoniwo, ija ya 3.5 mm, ndipo muwerenge timizere tozungulira pa chitsulo chake. Ya timizere tiwiri ndi yomvera chabe ndipo imagwirizana ndi kachipangizo kalikonse. Ya timizere titatu ili ndi maikolofoni, inapangidwira foni, ndipo pa tizipangizo tina imachititsa kuti zoimbira zizimveka koma mawu a woimba azimveka kutali ngati ali m'chipinda china. Mukamva zotero musafulumire kunena kuti kachipangizo kawonongeka, sinthani mahedifoni kaye.

Nkhani ya batire ndi imene imasiyanitsa kachipangizo ka miyezi yochepa ndi ka zaka, makamaka kuno kunyanja. Mabatire a lithium amafooka msanga ndi kutentha, ndipo dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala ku Salima ndi ku Nkhotakota mukulidziwa nokha. Kusiya kachipangizo pa zenera, kutsogolo kwa galimoto kapena pambali pa sola padzuwa pomwe kakutchaja ndi njira yachangu yophera batire, ndipo batire likatupa mpaka kukankha chivundikiro musalitchajenso chifukwa likhoza kuyaka. Ngakhale mutalisamala bwanji, batire lotere limayamba kuchepa mphamvu likatchajidwa maulendo mazana angapo. Tima MP3 tating'ono tomata pa malaya tili ndi batire lomatiridwa mkati, ndipo likatha, kulisintha kumafuna wokonza ndiponso batire la saizi yake silipezeka wamba. Pomwe timawailesi tolowetsa khadi tambiri timagwiritsa ntchito batire la BL-5C, lija la mafoni akale a Nokia, kapena lozungulira lotchedwa 18650, ndipo awiri onsewa amapezeka m'misika, mumasintha nokha, komanso mukhoza kukhala ndi lina lapadera lotchaja kale pa tsiku la msonkhano. Pogula 18650 dziwani kuti enieni amalekezera cha m'ma 3,500 mAh, muyezo wa moto womwe batire limasunga, choncho lolembedwa 9,900 mAh ndi labodza. Mchenga ndi chinyezi cha kunyanja nazonso zimadya timabowo ta tchaja ndi ta khadi, ndiye kathumba kotseka bwino nkofunika mukamapita kugombe.

Pa tchaja, tizipangizo timeneti timafuna mphamvu ya 5V, yomwe imatuluka pa tchaja ya foni iliyonse yabwino, pa power bank kapena pa bowo la USB la sola ya pakhomo. Choopsa ndi kulumikiza mawaya molunjika ku batire la 12V popanda kachipangizo kotsitsa mphamvu. Onaninso kamwa ya tchaja musanagule: ya mini-USB njakale ndipo zingwe zake zikusowa, ya micro-USB, yomwe amalonda ena amaitchula V8, ikupezekabe paliponse, pomwe ya Type-C ndiyo yatsopano. Tizipangizo tina totchipa ta Type-C timakana kutchaja ndi chingwe cha Type-C mbali zonse ziwiri chifukwa opanga anasiya tizitsulo tiwiri tomwe timauza tchaja kuti itulutse moto, koma timatchaja bwino ndi chingwe chomwe mbali inayo ndi USB yaikulu ija.

Za iPod ya alongo anu, chipangizo choimbira nyimbo cha kampani ya Apple, ndikulangizani muwathokoze koma muwapemphe china. Kampani ya Apple inatulutsa iPod yoyamba mu 2001, inasiya kupanga iPod nano ndi iPod shuffle mu 2017, ndipo mu 2022 inasiya mtundu womaliza wa iPod touch. Zinali zipangizo zomveka bwino kwambiri, koma iliyonse yomwe mungalandire lero ili ndi batire lokalamba lomatiridwa mkati. Ilibe polowetsa memori khadi, chingwe chake nchosiyana ndi cha mafoni a Android, ndipo choposa zonse, nyimbo simungoziponyamo ngati mu fulashi ayi, zimalowa kudzera mu pulogalamu ya Apple monga iTunes pa kompyuta. Mukailumikiza ku kompyuta ina yoikitsira nyimbo, pulogalamuyo ikhoza kufuna kufufuta zomwe zilimo kale kuti iikemo zake. Kwa munthu amene ali ndi kompyuta yakeyake zimenezi nzopiririka, koma kwa mphunzitsi wa kwaya yemwe nyimbo zake zimabwera sabata ndi sabata kudzera pa foni, ndi mtolo. Ngati alongo anuwo akufuna kukuthandizani, akugulireni makhadi enieni m'sitolo yodziwika, kapena kachipangizo ka kampani yodziwika monga SanDisk kapena Sony komwe kamalandira nyimbo pongokopera.

Kunena za chomwe mungagule mukafuna kusintha, ganizo langa ndi loti ka MP3 komvera munthu mmodzi m'makutu sikoyenera kwenikweni ntchito yophunzitsa gulu. Chomwe chingakutumikireni ndi kawailesi kolowetsa khadi ndi fulashi, kokhala ndi sipika yake, batire lochotseka, bowo la mahedifoni lomwe mungalumikizirenso ku ampulifaya ya kutchalitchi ndi chingwe cha AUX, ndiponso mabatani a manambala. Mabatani amenewa ngofunika kuposa momwe amaonekera, chifukwa mukafuna nyimbo ya nambala 47 mumangodina 4 ndi 7 m'malo modumpha imodziimodzi amayi akudikira. Dziwani kuti tizipangizo tambiri totere timatsata ndondomeko yomwe nyimbo zinalowera mu khadi, osati mayina ake, choncho muuze woikayo kuti azikopera motsatana monga mukufunira, ndipo mulembe manambalawo m'kope. Mukapeza kokhala ndi batani lolembedwa A-B, lomwe limabwereza kachigawo kamodzi ka nyimbo mpaka mutaliletsa, musakasiye, poti mzere wovuta wa alto kapena tenala umalowa m'mutu poubwereza. Yerekezaninso mtengo wake ndi wa foni ya mabatani ya itel kapena Tecno, yomwe imaimba MP3, ili ndi FM, imalandira khadi, ndipo batire lake limachotseka. Ka MP3 kopanda dzina kakafika pa mtengo wofanana ndi foni yotere, foniyo ndiyo yaphindu.

Ngati kwaya yanu imayenda pa minibasi kupita ku misonkhano ndipo mukufuna nyimbo zizimveka m'galimoto kudzera pa kachipangizo kaja kotumiza mawu ku wailesi ya FM, kumbukirani kuti magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi wailesi yoyambira pa 76 kulekezera pa 90 MHz, pomwe FM yathu imayambira pa 87.5 kufika pa 108. Muyenera kutchera zonse ziwiri pakati pa 87.5 ndi 90, pamalo pomwe palibe wailesi ina ikuulutsa.

Makutu anu ndi chida chanu cha ntchito, choncho mukamamvera ndi mahedifoni tsatirani uphungu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO woti mawu asapitirire magawo 60 pa 100 aliwonse a mphamvu ya kachipangizo, ndipo muzipumitsa makutu mukamvera nthawi yaitali.

Tsiku logula, tengani khadi yanu muli nyimbo zingapo za MP3, mahedifoni anu ndi tchaja yomwe mumagwiritsa ntchito kunyumba, ndipo muyese zonsezo pamaso pa wogulitsa musanapereke ndalama. Gwedezani pulagi ya mahedifoni pang'ono nyimbo ikuimba kuti mumve ngati mawu akudukaduka, tsegulani chivundikiro muone batire, ndipo mupemphe lisiti komanso mugwirizane masiku omwe mungakabweze kakapezeka ndi vuto. Musanachoke, zimitsani kachipangizoko nyimbo ili pakati n'kukayatsanso. Kabwino kamapitiriza pomwe kanalekezera, pomwe kena kamabwerera ku nyimbo yoyamba ya mu khadi, ndipo kotere kadzakuvutitsani nthawi iliyonse mukamamvera ulaliki wa ola lathunthu kapena zojambula zazitali za kwaya.